Kukoma m'Cinyanja, kuwawa m'Cipwitikizi: kuunika phunziro la zotsatsa malonda

Mphunzitsi akafuna kukonza phunziro la zotsatsa malonda n'kufufuza pa foni yake, cimene amapeza kawirikawiri ndi mndandanda. Mndandandawo umachula njira zimene otsatsa amakopera nazo anthu, iliyonse ndi dzina lake, ndipo phunziro lake limayenda mofanana kulikonse: mwana aone cikwangwani, achule dzina la njira imene ili pamenepo, mphunzitsi amuconge kuti wakhoza. Mndandanda umenewu uli ndi phindu lake. Koma ukalowa m'kalasi ya zinenero ziwiri ku Tsangano kapena ku Macanga, umaphonya njira yamphamvu kuposa zonse imene ana a m'maderawa amakumana nayo. Lonjezo la malonda limawapeza m'Cinyanja, pakamwa ndi pa wailesi, pamene malire a lonjezolo amalembedwa m'Cipwitikizi, m'tizilembo ting'onoting'ono kumunsi kwa pepala.

Kumene mndandanda unacokera

Mndandanda wochuka kwambiri unatuluka ku New York mu 1937. Unalembedwa ndi bungwe la Institute for Propaganda Analysis, limene anayambitsa Clyde Miller wa pa Columbia University ndi thandizo la ndalama la wamalonda Edward Filene. Inali nthawi imene wailesi inali italowa m'nyumba zambiri za ku America, ndipo ku Germany boma la Hitler linali kuonetsa dziko lonse zimene mawu okopa angacite. Bungwelo linatseka mu 1942, koma njira 7 zimene linachula zikuyendabe m'maphunziro mpaka lero, nthawi zina zitasintha maina.

Njirazo ndi izi: kupatsa mnzako wopikisana naye dzina loipa, kugwiritsa nchito mawu onyezimira opanda kanthu m'kati, monga akuti "capamwamba" kapena "camakono", kubwereka ulemu wa cinthu cimene anthu amacilemekeza, monga mbendera kapena cipembedzo, kuitana munthu wochuka kuti acitire umboni, kudzionetsa ngati munthu wamba, kuonetsa mbali yokoma yokha n'kubisa yoipa, ndi kuuza munthu kuti anzake onse agula kale, watsala yekha.

Ubwino wa mndandandawu ndi wakuti umapatsa mwana maina, ndipo cinthu cimene cili ndi dzina cimagwirika. Mwana amene waphunzira za kudzionetsa ngati munthu wamba adzayamba kufunsa cifukwa cake pa thumba la mbewu pali mlimi womwetulira atanyamula cimanga cacikulu ngati mkono. Adzaona kuti kufiira kwa Vodacom ndi mtundu wa lalanje wa Movitel pa makoma a masitolo sizinangobwera mwangozi, koma kuti diso lizolowere. Buku la UNESCO la mu 2011 lophunzitsira aphunzitsi za nkhani zofalitsidwa, limene linamasuliridwa m'Cipwitikizi mu 2013, linapita patsogolo pang'ono. Gawo lake lacisanu limafunsanso za amene amalipira zotsatsa, malamulo oyendetsera zotsatsazo, mauthenga othandiza anthu, ndi zotsatsa za ndale. Mphunzitsi amene angalipeze bukuli sataya nthawi poliwerenga. Komabe mndandanda wa 1937 ndi maphunziro ambiri ocokera kwa iwo ali ndi zofooka zitatu.

Cofooka coyamba: unalembedwera anthu a cinenero cimodzi

Amene analemba mndandandawu ankaganiza za munthu amene amamva lonjezo ndi kuwerenga malire ake m'cinenero cimodzi comweco. Ku Mozambique zinthu sizili conco. Kalembera wa mu 2017 anapeza kuti anthu pafupifupi 17 pa 100 aliwonse ndi amene Cipwitikizi cili cinenero cawo cobadwa naco, ndipo ambiri mwa iwo ali m'mizinda. Cinyanja ndi cinenero cobadwa naco ca anthu pafupifupi 8 pa 100 aliwonse, ndipo ku Tsangano ndi ku Macanga ndico ca pakhomo, ca kumunda ndi ca pamsika. M'mbali mwa malire a Malawi, ca ku Biriwiri ndi ku msika wa Tsangano Turn-off, pamabweranso cinenero cacitatu: katundu wolembedwa m'Cingerezi, mitengo ya kwacha, ndi zotsatsa za pa mawailesi a ku Malawi zolankhulidwa m'Cicewa cimene mwana amacimva ngati ca amayi ake.

Otsatsa amadziwa kuti cinenero ciliconse cili ndi nchito yake. Mu 2009 Stefano Puntoni ndi anzake anafalitsa kafukufuku woonetsa kuti anthu odziwa zinenero ziwiri amamva mawu otsatsa a m'cinenero cawo coyamba kukhala okhudza mtima kwambiri kusiyana ndi a m'cinenero caciwiri. Mu 2008 Aradhna Krishna ndi Rohini Ahluwalia, pofufuza ku India, anapeza kuti cinenero ca pakhomo cimapatsa wogula maganizo a ubale, pamene Cingerezi cimamupatsa maganizo a upamwamba. Kafukufukuyu sanacitikire ku Tete, koma aliyense amene anaimapo pamsika wa Furancungo tsiku la malonda adzazindikira zimene akunena. Wa cimkuzamawu amaitana m'Cinyanja, amaseka m'Cinyanja, amati "amayi" ndi "acimwene". Pepala limene ali nalo m'manja lili m'Cipwitikizi, ndipo ulemu wa Cipwitikizico umacititsa kuti munthu acite manyazi kufunsa.

Wina anganene kuti zimenezi zili kale m'mndandanda, pa njira yacisanu ndi cimodzi ya kubisa mbali yoipa. Zili pafupi, koma sizofanana. Pano palibe cimene cabisidwa. Zonse zalembedwa, ndipo wogulitsa angaloze ndi cala kuti nazi. Malamulo a dziko amafuna kuti zolembedwa pa katundu zikhale m'Cipwitikizi, ndipo amene walemba m'Cipwitikizi watsata lamulo. Cimene cimatsekereza wogula ndi cinenero. Mwana amene angochula kuti "apa abisa mbali yoipa" sanathandize agogo ake. Wawathandiza ndi amene wawerenga tizilembo tija n'kuwauza m'Cinyanja cimene tikunena.

Apa ndi pamene mphunzitsi wa zinenero ziwiri ali ndi cida cimene olemba a ku New York analibe, ndico kumasulira. Mawu ang'onoang'ono a Cipwitikizi ca malonda amaulula zambiri akawamasulira mosamala. Mawu akuti "até" ndi citsanzo cabwino. Ana ambiri amawamasulira kuti "mpaka", ndipo sanalakwe. Koma "mpaka" wa Cinyanja amanena za kufika: anadya mpaka kukhuta, anayenda mpaka ku Ntengo-wa-Mbalame. Thumba la mbewu likanena kuti "até 8 toneladas", khutu la Mnyanja limamva kuti mbewuyo imafika matani 8. Wogulitsa akutanthauza denga: sipitirira matani 8, ndipo ikhoza kubereka tani imodzi iye osanama. Kalasi ikayerekeza "mpaka matani 8" ndi "osapitirira matani 8", lonjezo lija limafota ana akuona.

Cimodzimodzi ndi "a partir de", amene amachula mtengo wotsikitsitsa kuti winawo usaoneke, ndi "válido até", amene amaika tsiku lothera. Mawu akuti "grátis" amamasuliridwa kuti "ulere", koma mwana aliyense wa pamsika amadziwa kusiyana kwa ulere ndi basela. Basela amabwera munthu atagula kale mulu wa tomato. Ngati mphindi zoimbira foni zimene akuti ndi "grátis" zimabwera pokhapokha munthu atalowetsa ndalama, dzina lake m'Cinyanja ndi basela. Nawonso mawu akuti "receba agora", landirani tsopano, ayenera kufunsidwa: kulandira kwake ndi kwa mphatso kapena kwa ngongole? Ku Macanga, kumene mabanja ambiri amalima fodya pa mgwirizano ndi kampani ya Mozambique Leaf Tobacco, ana amaidziwa kale nkhaniyi. Feteleza ndi zipangizo zimene mlimi amatenga kumayambiriro kwa nyengo zimacotsedwa pa ndalama zake pogulitsa fodya. Mlimi wozolowera sasokoneza kupatsidwa ndi kukongozedwa. Nzeru imeneyi ili kale m'mudzi, ndipo phunziro liyenera kuitengera ku mauthenga a ngongole amene amabwera pa foni.

Cofooka caciwiri: kudziwa dzina sikuteteza

Mndandanda umaganiza kuti munthu akadziwa dzina la msampha sakodwa. Ofufuza a ku Netherlands, Esther Rozendaal, Moniek Buijzen, Eva van Reijmersdal ndi mnzawo Matthew Lapierre, analemba mu 2011 kuti umboni wa ganizo limeneli ndi wocepa. Mwana akhoza kufotokoza bwino colinga ca zotsatsa koma osagwiritsa nchito nzeruyo pa nthawi imene zotsatsazo zili pamaso pake, cifukwa zambiri zimalowera ku mtima munthu asanayambe kuganiza. Akuluakulunso zimawacitikira. Amene amadziwa kuti wosewera mpira wa pa cikwangwani analipidwa amagulabe cakumwaco.

Cimene cimathandiza ndi cizolowezi coima kaye n'kucita kanthu kena ndi uthengawo. M'kalasi kanthu kameneko ndi masamu. Uthenga wa ngongole unganene kuti munthu atenge mametikali 1000 ndipo ciwongoladzanja cake ndi "apenas 10 MT por dia", mametikali 10 okha pa tsiku. Khumi ndi ndalama yocepa, sikwana ngakhale sopo. Koma pa masiku 30 ndi mametikali 300, kutanthauza 30 pa 100 pa mwezi umodzi, ndipo pa caka ndi 3650, kuposa katatu ndalama imene anakongola. Mwana wa kalasi yacisanu angathe kuwerengera zimenezi, ndipo akatha adzapeza yekha mawu oyenera a Cinyanja, akuti katapila.

Matani 8 aja nawonso awerengedwe. Ndi matumba 160 a makilogalamu 50 pa hekitala imodzi. Ana afunse kunyumba kuti munda wa makolo awo umatulutsa matumba angati. Zokolola za cimanga za alimi ang'onoang'ono m'dziko muno zimakhala pafupi ndi tani imodzi pa hekitala, ngakhale kuti kumapiri a Angónia, Tsangano ndi Macanga, kumene mvula imagwa bwino, ambiri amapitirirapo. Kusiyana kwa nambala ya pa thumba ndi ya m'nkhokwe sikusonyeza kuti mbewuyo ndi yoipa. Kukusonyeza kuti nambala ya pa thumba ili ndi zofunika zake, monga feteleza wokwanira, kubzala pa nthawi ndi mvula yabwino, zimene cithunzi ca mlimi womwetulira sicinena.

Juga ya pa foni, imene yafala pakati pa acinyamata, imagonjanso ku masamu. Zotsatsa zake zimaonetsa wopambana mmodzi. Mphunzitsi alembe pa bolodi: anthu 30 aponya mametikali 10 aliyense, zonse pamodzi 300, wopambana alandira 200, yotsala 100 yapita kuti, ndipo anthu 29 aja cithunzi cawo cili kuti? Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma mfundo yake ndi yoona kwa kampani iliyonse ya juga: ikanakhala kuti imapereka zambiri kuposa zimene imatolera, ikanatseka kale. Mndandanda wa 1937 ulibe masamu ngakhale pang'ono, ndipo kumeneku ndi kusowa kwakukulu.

Cofooka cacitatu: umaphunzitsa kukayikira zonse

Njira 7 zija zimapezeka m'mauthenga abodza ndi oona omwe. Cikwangwani ca katemera cimaonetsa mayi wamba, cimaitana mfumu kapena mtsogoleri wa mpingo kuti acitire umboni, cimati anzanu onse abayitsa ana awo. Mwana amene waphunzira kuti njira zimenezi ndi zizindikiro za cinyengo adzaika katemera ndi juga m'thumba limodzi. Dziko lino likudziwa mtengo wa kukayikira kotere. Ku Nampula, pa nthawi za mliri wa kolera, ogwira nchito zaumoyo othira mankhwala m'zitsime akhala akuukiridwa ndi anthu okhulupirira kuti akufalitsa matendawo, ndipo kufanana kwa mawu a Cipwitikizi akuti "cloro" ndi "cólera" kunathandizira mphekeserayo. Katswiri wa za cikhalidwe ca anthu Carlos Serra anafufuza nkhaniyi n'kulemba buku mu 2003. Apanso vuto linadzera pa mpata wa pakati pa zinenero.

Conco funso lakuti "kodi akundikopa?" silokwanira, pakuti aliyense wolankhula amakopa, ngakhale mphunzitsi. Mafunso othandiza ndi ena: akulankhula ndani, apindula ciyani ndikavomera, ndi citi mwa zimene wanena cingatsimikizidwe, ndipo ndingakafunse kwa yani? Ana a makalasi apamwamba ayeneranso kudziwa kuti wogula ali ndi lamulo lomuteteza. Lamulo nambala 22/2009 loteteza ogula limaletsa zotsatsa zonyenga, ndipo Código de Publicidade ya mu 2016 imafuna kuti zotsatsa zizidziwika kuti ndi zotsatsa komanso zizinena zoona. Boma lilinso ndi bungwe loyendera malonda. Mwana wodziwa zimenezi amadziwa kuti kunamizidwa pa malonda ndi mlandu, osati tsoka cabe.

Phunziro liyambe liti, m'cinenero citi

Mu 2004 gulu la akatswiri la American Psychological Association linanena kuti ana osakwana zaka pafupifupi 8 amavutika kuzindikira kuti colinga ca zotsatsa ndi kuwagulitsa cinthu. Zaka zimenezi ndi zomwe mwana wa pulogalamu ya zinenero ziwiri amaphunzira m'Cinyanja. Ngati nkhani ya zotsatsa idikira mpaka ioneke ngati mtundu wa colemba m'phunziro la Cipwitikizi, mwana adzaiphunzira mocedwa, ndiponso m'cinenero cimene sangatsutsire naco bwino. Adzaloweza kuti zotsatsa zimakhala ndi mutu, cithunzi ndi mneni wolamula, n'kukhoza mayeso, koma osaphunzira kufunsa.

Makalasi oyambirira safuna mndandanda wa ku America, pakuti Cinyanja cili ndi zake. Nthano ya Kalulu pa citsime ndi phunziro lathunthu la zotsatsa. Kalulu anakana kukumba nawo citsime, ndipo pofuna madzi anabwera ndi uci. Mlonda anamulawitsa pang'ono, kenaka anamuuza kuti wofuna wambiri ayambe wamangidwa. Kulawitsa kuja ndi basela, cingwe cija ndi tizilembo ta kumunsi kwa pepala. Ana a kalasi yaciwiri angakambirane cifukwa cimene Kalulu anayambira ndi uci m'malo moyamba ndi cingwe, ndi funso limene mlonda anayenera kufunsa asanalawe. Mwambi wakuti cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere umanena m'mawu asanu ndi limodzi zimene njira yaciwiri ya mndandanda imanena m'ndime yonse, ndipo mwana akaubwereza kunyumba agogo amaumva.

Kuyambira kalasi yacinayi, pamene Cipwitikizi cikukula, nchito yomasulira iyambe. Nthawi yake ilipo, pakuti Currículo Local imapatsa sukulu gawo la 20 pa 100 la nthawi yophunzira kuti iphunzitse za m'dera. Zipangizo zake sizifuna ndalama: matumba opanda kanthu a mbewu ndi a sopo, makadi akale olowetsera ndalama m'foni, mauthenga amene mphunzitsi walandira pa foni n'kuwakopera pa bolodi, ndi mawu a zotsatsa za pa wailesi amene ana amawaloweza okha popanda wowatuma. Bolodi ligawidwe pawiri. Mbali ina kulembedwe zimene munthu wamva kapena zimene zalembedwa m'zilembo zazikulu, mbali inayo zimene zili m'tizilembo tating'ono, zonse zitamasuliridwa m'Cinyanja. Ana aone cimene cili mbali imodzi yokha, awerengere ngati pali nambala, kenaka alembe uthengawo m'Cinyanja mmene akanaufotokozera munthu wosawerenga. Pomaliza alembe okha zotsatsa za kacewere wa ku Tsangano m'zinenero zonse ziwiri, zokopa koma zosanama, ndipo anzawo afufuze ngati lonjezo la m'Cinyanja likufanana ndi la m'Cipwitikizi. Maina 7 aja akhoza kubwera pamapeto, ana atagwira kale zinthuzo ndi manja.

Pali zofunika kusamala nazo. Makolo a ana ambiri ndi ogulitsa pamsika, ndipo kuitanira malonda ndi luso lolemekezeka. Phunziro lisasandutse mayi wogulitsa mandasi kukhala wonyenga. Sitolo ya munthu wa m'mudzi isachulidwe dzina ngati citsanzo ca bodza. Zotsatsa za ndale, zimene buku la UNESCO limalimbikitsa kuunika, zikhoza kuika mphunzitsi pa mavuto m'dera laling'ono, ndipo ndi bwino kuti nkhani imeneyo iyambe yakambidwa ndi akuluakulu a sukulu.

Cigawo ca Tete cinali cimodzi mwa ziwiri zimene zinayesa maphunziro a zinenero ziwiri mu pulojekiti ya PEBIMO kuyambira 1993 mpaka 1997, Cinyanja ku Tete ndi Cichangana ku Gaza, pulogalamuyi isanayambe kufalikira mu 2003. Kuyambira nthawi imeneyo aphunzitsi akhala akuyankha funso la makolo lakuti mwana aphunzirirenji kusukulu cinenero cimene amacidziwa kale. Yankho lozolowereka ndi lakuti amaphunzira msanga kuwerenga ndipo amamasuka m'kalasi. Phunziro la zotsatsa limapereka yankho lina limene kholo lingalione ndi maso. M'mabanja ambiri mwana wa sukulu ndiye amapatsidwa foni uthenga wa Cipwitikizi ukalowa, ndiye amapatsidwa thumba la mankhwala a mbewu kuti awerenge. Ngati amangochula mawuwo osawamva, kapena kuwamva koma osatha kuwabweza m'Cinyanja cokhala ndi "osapitirira", "basela" ndi "ngongole" pamalo pake, ndalama za fodya ndi za kacewere za caka conse zimakhala pa ngozi. Mndandanda wa 1937 ungathandize mwana ameneyu pang'ono. Zambiri adzazipeza kwa mphunzitsi amene amamupatsa uthenga weniweni wa pa foni n'kumuuza kuti aunene m'Cinyanja, wonse, ndi tizilembo tomwe.